Zithunzi zikuyenda koma mawu zii: chimalakwika n'chiyani mukasintha kanema kukhala MP4?

Funso

Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe. Kamera yanga imatulutsa mafayilo a .MTS, ndiye ndikamaliza kulumikiza zigawo ndimasintha kanemayo kukhala MP4 n'kupereka pa fulashi. Posachedwapa ndinapereka kanema wa chinkhoswe. Pa laputopu yanga, mu VLC, zonse zikumveka bwinobwino, koma eni ake akuti pa TV yawo zithunzi zokha ndi zomwe zikuyenda, mawu kulibe. Ndinawatumiziranso pa WhatsApp kachigawo komwe ankhoswe ankalankhula, komwe mawu ake ndinatenga ku mikisa ya DJ. Akuti pa foni sikakumveka, koma mwana wawo atavala mahedifoni anamva zonse. Ndasintha fayiloyo mobwerezabwereza ndi mapulogalamu osiyanasiyana koma palibe chomwe chasintha, ndipo ndalama yotsala akuti apereka mawu akamveka. Nditani?

Yankho

Achimwene, yambani mwasiya kaye kusintha fayiloyo. Nthawi iliyonse yomwe mukuilowetsa m'pulogalamu ina, zithunzi zikufinyidwanso, nkhope za akwati zikumka zichita mbuu, chonsecho zithunzizo sizinalakwe kanthu. Ndipo mafayilo oyamba a .MTS aja, ngati akadali pa memori khadi kapena pa kompyuta, musawafufute mpaka nkhaniyi itatha. Pa zomwe mwafotokozazi, ine ndikuona mavuto awiri osiyana omwe angokumana pa ntchito imodzi. La TV ndi lina, la foni ndi linanso, ndipo onse awiri amakonzeka popanda kukhudza zithunzi.

Tiyambe ndi la TV. Dzina loti MP4, MKV, MOV, AVI kapena MTS limangotiuza mtundu wa chotengera. M'kati mwake muli zinthu ziwiri zomwe zimayendera limodzi koma chilichonse chili pachokha. Pali zithunzi, zomwe nthawi zambiri zimakhala zofinyidwa mwa njira ya H.264 kapena H.265, ndiye pali mawu, omwe ali ndi njira zawozawo: AAC, MP3, AC-3, DTS, Opus, kapena PCM yomwe ndi mawu osafinyidwa n'komwe. Njira zimenezi ndi zomwe amati ma codec. TV ikalandira fayilo imayamba yatsegula chotengera, kenako n'kuona ngati zithunzizo ikutha kuziwerenga, n'kuonanso padera ngati mawuwo ikutha kuwawerenga. Ikapeza kuti H.264 ikuidziwa koma mawuwo ndi achilendo, imangoyendetsa zithunzi basi. Ma TV ena amaonetsa kauthenga koti Audio format not supported kwa kanthawi kochepa, koma banja lonse likakhala pabalaza kudikira kuona mkwatibwi akuvina, ndani amawerenga timalemba ta pakona?

Nanga bwanji pa laputopu yanu zikumveka? Chifukwa ndi VLC. Pulogalamu imeneyi, yomwe inayambira kwa ophunzira a pa École Centrale Paris ku France ndipo imasamalidwa ndi bungwe la VideoLAN, imabwera ndi zowerengera zakezake za pafupifupi codec iliyonse. Sidalira zomwe Windows ili nazo. N'chifukwa chake ndi yabwino kuonerapo kanema, koma musamaikhulupirire mukafuna kudziwa ngati fayilo ikasewera kwa kasitomala. Iyo imavomera chilichonse chomwe mwaipatsa.

Mafayilo a .MTS ndi a mtundu wa AVCHD, womwe Sony ndi Panasonic anakhazikitsa mu 2006. Mawu ake amakhala AC-3, yomwe ambiri amaidziwa ndi dzina loti Dolby Digital, apo ayi PCM. Tsono mapulogalamu ambiri osinthira makanema ali ndi kamalo kolembedwa Copy, Passthru kapena Keep original audio track. Kamaloko kakakhala kochongedwa, zithunzi zimasinthidwa koma mawu amangonyamulidwa momwe alili n'kuikidwa m'chotengera chatsopano. Mumapeza fayilo yomwe kunja ndi MP4, m'kati muli AC-3. Malamulo a MP4 amalola zimenezo, koma si chipangizo chilichonse chomwe chili ndi chowerengera chake. Ma codec ngati amenewa akhala akuyendera chilolezo cholipira, ndipo opanga ma TV ndi mafoni otsika mtengo ena amangowasiya. Musaganizenso kuti chipangizo chatsopano kapena chodula ndiye chimawerenga zonse. Ma TV a Samsung kuyambira a 2018 sawerenga DTS, ndipo Microsoft inalengeza kuti kuyambira pa Windows 11 ya 24H2, AC-3 sibweranso pamodzi ndi Windows.

Pali msampha wina kwa amene amasintha makanema ndi VLC yomweyo. Pa Convert / Save, chosankha chomwe chimakhala pamwamba ndi cha H.264 + MP3. Chimaika MP3 m'kati mwa MP4. MP3 payokha imasewera paliponse, ngakhale m'kawailesi ka mu minibasi, koma ikakhala m'kati mwa MP4 zipangizo zina zimaikana chifukwa zimayembekezera AAC.

Ndiye musanakonze chilichonse, suzumirani m'fayilomo muone zomwe zilimo. Tsegulani MP4 yomwe munapereka ija mu VLC, dinani Ctrl ndi J pamodzi. Patuluka kazenera koonetsa Stream 0, Stream 1. Pomwe palembedwa Type: Audio, werengani mzere wa Codec. Mukaona A52 Audio, dziwani kuti ndi AC-3 yomweyo m'dzina lina. Mukaona mpga, ndi ya banja la MP3. Mukaona mp4a, ndi AAC. Pulogalamu yaulere ya MediaInfo imaonetsa zomwezi momveka bwino kwambiri, ndipo ine ndimaona kuti aliyense amene amapeza ndalama ndi kamera ayenera kukhala nayo. Amene ali ndi pulogalamu ya FFmpeg, yomwe ndiifotokoze pansipa, angolemba ffprobe ndi dzina la fayilo, n'kufunafuna mzere wofanana ndi uwu:

Stream #0:1: Audio: ac3, 48000 Hz, stereo, fltp, 256 kb/s

Kwa inu, popeza VLC ikumveka, tikudziwa kale kuti mawu alimo. Chomwe chatsala n'kuwasintha kukhala AAC ya matchanelo awiri, yomwe pafupifupi foni kapena TV iliyonse yosewera MP4 imaiwerenga. Chida chomwe ndimachidalira pa ntchito imeneyi ndi FFmpeg, pulogalamu yaulere yomwe Fabrice Bellard anaiyamba mu 2000. Mapulogalamu ambiri okhala ndi mabatani okongola aja, kuseri kwake ndi FFmpeg yomweyi ikugwira ntchito. Ambiri amaiopa chifukwa ilibe mabatani, umachita kulemba, koma mzere wake ndi umodzi. Ikani ffmpeg.exe m'foda momwe muli kanemayo, dinani pamwamba pomwe pamaoneka dzina la foda, fufutani zomwe zilipo, lembani cmd n'kudina Enter. M'zenera lakuda lomwe lituluke lembani kuti:

ffmpeg -i wakale.mp4 -c:v copy -c:a aac -b:a 192k -ac 2 -ar 48000 watsopano.mp4

Mtima wa mzere umenewu uli pa -c:v copy. Ukuuza pulogalamuyo kuti zithunzi isazikhudze, ingozikopera momwe zilili. N'chifukwa chake kanema yemwe anakutengerani theka la tsiku kuti mumusinthe, apa amatha m'mphindi zochepa, ndipo zithunzi zimatuluka chimodzimodzi. Kenako -c:a aac ndi yosintha mawu, -b:a 192k ndi kuchuluka kwa malo omwe mawuwo apatsidwe, pafupifupi 86 MB pa ola limodzi, -ac 2 ndi matchanelo awiri, kumanzere ndi kumanja, ndipo -ar 48000 ndi liwiro lomwe mawu a makanema ambiri amayendera. Dzina lomalizalo likhale losiyana ndi loyamba. Ngati dzina la fayilo lili ndi mipata, monga chinkhoswe cha Loweruka.mp4, liikeni pakati pa zizindikiro za " ndi ", apo ayi FFmpeg iganiza kuti ndi mafayilo atatu.

Ngati zenera lakudalo simukulifuna, Avidemux imachita zomwezo ndi mabatani. Pa Video Output siyani pa Copy, pa Audio Output sankhani AAC, pa Output Format sankhani MP4 Muxer, n'kusunga. HandBrake ndi yabwino kwambiri pomwe mukuchokera ku .MTS koyamba, bola pa tsamba la Audio musankhe AAC osati Passthru, ndipo pa Mixdown musankhe Stereo. Koma pokonza mawu okha sindingakulangizeni kuigwiritsa ntchito, chifukwa HandBrake ilibe njira yokopera zithunzi. Imazifinyanso nthawi zonse, mufune musafune. Amene akakamira VLC adine kasipanala kali pafupi ndi Profile, apite pa Audio codec, aonetsetse kuti kabokosi ka Audio n'kochongedwa ndipo ka Keep original audio track n'kosachonga, asankhe MPEG 4 Audio, n'kuika Sample Rate pa 44100 kapena 48000.

Kusintha dzina lokha, kuchotsa .mkv kapena .MTS n'kulembapo .mp4, si kusintha fayilo ayi. Ndimakumana nawo anthu ochita zimenezi. Za m'kati zimakhala zomwezo.

Tsopano nkhani ya ankhoswe, yomwe kwa ine ndi yomwe imapweteka ojambula ambiri chifukwa palibe pulogalamu yosinthira makanema yomwe imaiona. Mwanena zinthu ziwiri zomwe zikuulula vuto lonse: mawu munawatenga ku mikisa, ndipo pa mahedifoni akumveka pomwe pa sipika ya foni yomweyo sakumveka. Foni ikanakhala kuti codec siikuidziwa, ngakhale pa mahedifoni kukanakhala chete. Ndiye foni ikuwerenga mawuwo bwinobwino. Akufera pa sipika.

Chomwe chimachitika n'chakuti potulukira mawu pa mikisa, paja pa XLR ya timano titatu kapena pa jaki yaikulu ya mizere iwiri yakuda, pamadutsa mawu amodzi omwewo m'mawaya awiri. Waya wina umanyamula mawu momwe alili, winawo umanyamula mawu omwewo koma otembenuzidwa: funde likakwera uku, uko likutsika ndi muyezo womwewo. Anachita dala kuti chingwe chachitali chodutsa m'tenti yonse chisatole phokoso la magetsi. Chipangizo cholandira chomwe chinapangidwira zimenezi chimatembenuzanso waya wachiwiri uja, mawu n'kuphatikizana, phokoso n'kufa. Koma kabowo ka maikolofoni ka 3.5 mm ka pa kamera yanu sikadziwa zimenezo. Iko kamangodziwa kuti nsonga ya pulagi ndi kumanzere, kamphete kotsatira ndi kumanja. Mukalumikiza ndi chingwe wamba kapena ndi ka adaputa kogula pamsika, kamera imajambula mawu abwino kumanzere, ndi mawu omwewo otembenuzidwa kumanja.

Pa mahedifoni khutu lililonse limalandira mbali yake, ndiye munthu amamva, ngakhale kuti womvetsera bwino amazindikira kuti mawuwo ndi opyapyala, alibe mphamvu ya pansi, ndipo sakudziwika komwe akuchokera. Koma mafoni ambiri ali ndi sipika imodzi. Kuti mbali zonse ziwiri zituluke pamenepo, foni imaziphatikiza. Zili ngati kumanga ng'ombe ziwiri zamphamvu zofanana pa ngolo imodzi, ina kuyang'ana kum'mawa ina kumadzulo: zonse zikukoka ndithu, koma ngolo ili chiimire. Mawu a kumanzere ndi a kumanja amafafanizana, n'kutsala timawu ta patali tosokonekera kapena chete weniweni.

Mutha kutsimikiza zimenezi pa laputopu yanu. Mu VLC pitani pa Audio, kenako Stereo Mode, sankhani Left. Mawu a ankhoswe amveka athunthu, mwinanso bwino kuposa kale. Kenako bwezerani pa Stereo, pitani pa Settings ya Windows, pezani Mono audio pa gawo la Accessibility kapena Ease of Access, yatsani. Mawu akazimiririka, ndiye kuti ndi vuto lomweli. Mu Audacity kapena pulogalamu yomwe mumadulira makanema mutha kuliona ndi maso: kulitsani mafunde a mawu mpaka mizere ioneke bwino, muona kuti wapamwamba ukakwera, wapansi ukutsika ndendende.

Mankhwala ake n'kutaya mbali imodzi n'kuika yotsalayo mbali zonse ziwiri. Palibe chomwe mukuluza, chifukwa mbali ziwirizo zinanyamula mawu amodzi.

ffmpeg -i ankhoswe.mp4 -c:v copy -af "pan=stereo|c0=c0|c1=c0" -c:a aac -b:a 192k ankhoswe2.mp4

Apa c0 ndi kumanzere, c1 ndi kumanja, ndipo tikunena kuti zonse ziwiri zitenge kuchokera kumanzere. Mu Adobe Premiere Pro muli Fill Right with Left yomwe imachita zomwezo pa kachigawo komwe mwasankha. Mu HandBrake, pa Mixdown, muli Mono yolembedwa Left Only. Mu Audacity mumagawa ndi Split Stereo to Mono n'kufufuta mzere umodzi. Samalani kwambiri kuti musasankhe Mono wamba, kapena kulemba -ac 1, musanakonze vutoli. Mono wamba amaphatikiza mbali ziwiri zija m'fayilo momwemo, ndipo chete uja amakhala wamuyaya. Mawu omwe afafanizana kale palibe pulogalamu yomwe ingawabweze. Mumayenera kubwerera ku .MTS yoyamba. N'chifukwa chake ndinayamba ndi kukuuzani kuti musafufute.

Kumbukiraninso kuti kachigawo ka ankhoswe komweko kali m'kanema wamkulu wa pa fulashi. Mukangokonza codec n'kusiya izi, TV iyamba kumveka, koma pofika pa mawu a ankhoswe amveka opyapyala, ndipo m'bale wawo akakopera kanemayo pa foni mudzaimbiridwanso. Ndi bwino kukonza zonse ziwiri pa ulendo umodzi. Mzere wa pan uja mukauyendetsa pa kanema yense umasinthanso mawu kukhala AAC nthawi yomweyo. Zigawo zomwe munajambula ndi maikolofoni ya pa kamera zitaya kusiyana kwa kumanzere ndi kumanja, koma pa kanema wa chinkhoswe palibe amene angadandaule. Ingoyambani mwamvetsera kanema yense pa Left mu VLC, kuti mutsimikize kuti palibe chigawo chomwe mawu ake ali kumanja kokha.

Kuti zisadzachitikenso, vuto lithereni pa chingwe. Pemphani DJ kuti akupatseni mawu kuchokera pa Rec Out kapena Tape Out, timabowo ta RCA tofiira ndi toyera tija, chifukwa pamenepo pamatuluka kumanzere ndi kumanja kwenikweni. Apo ayi pezani chingwe cha XLR chomwe chinapangidwira kulowa m'kamera. Mawu ochokera ku mikisa amakhalanso amphamvu kwambiri kuposa a maikolofoni, choncho tsitsani mlingo pa kamera kapena ikani kochepetsera mphamvu pakati, apo ayi MC akakuwa mawu amasweka. Ndipo DJ akamayesa zimkuzamawu zake anthu asanafike, jambulani pang'ono, mverani.

Popeza funso ngati lanuli limabwera kawirikawiri m'maonekedwe ena, nditchuleko zifukwa zina zomwe zimasowetsa mawu, kuti wina amene zake sizikufanana ndi zanu asangotengera mizere ya pamwambayi.

Nthawi zina fayilo imakhala ndi ma track angapo, kapena kuti mizere ya mawu yojambulidwa payokhapayokha, ndipo pulogalamu yosinthira imatenga imodzi yokha. Makamera aakulu a pa wailesi ya kanema omwe amatulutsa mafayilo a MXF amaika maikolofoni iliyonse pa track yake, zinayi kapena zisanu ndi zitatu, zina zopanda kanthu. OBS Studio, yomwe mipingo yambiri imagwiritsa ntchito poulutsa mapemphero pa Facebook, imatha kujambula ma track okwana 6. FFmpeg mukapanda kuiuza, imasankha track yokhala ndi matchanelo ambiri, ndipo zikafanana imatenga yoyamba. Ngati yoyambayo inali ya maikolofoni yosalumikiza, mumapeza fayilo yomwe MediaInfo ikuti ili ndi AAC yabwinobwino, koma ili duu. Kuti mudziwe ngati track ili ndi kanthu, lembani:

ffmpeg -i kanema.mxf -map 0:a:0 -af volumedetect -f null -

Kumapeto kutuluka mean_volume ndi max_volume. Mukaona max_volume: -91.0 dB, track imeneyo ndi yopanda kanthu. Sinthani 0:a:0 kukhala 0:a:1, kenako 0:a:2, mpaka mupeze yomwe ili ndi mawu, n'kuitenga ndi -map 0:v -map 0:a:1 kapena nambala yomwe mwapezayo. Dziwaninso kuti mukangolemba -map kamodzi, FFmpeg imasiya kudzisankhira. Wolemba -map 0:v yekha n'kuiwala za mawu amatulutsa kanema wosalankhula, ndipo pulogalamuyo sidandaula chifukwa yachita zomwe yauzidwa. Chimodzimodzi wokopera mzere pa intaneti womwe uli ndi -an m'kati: tizilembo timeneto tikutanthauza kuti mawu achotsedwe.

Vuto lina ndi lomwe nyimbo ndi phokoso zikumveka koma olankhula sakumveka. Izi ndi za mawu a 5.1, omwe ali ndi matchanelo 6, ndipo makamera ena a AVCHD amajambula motero. M'mafilimu, zolankhula zimakhala pa tchanelo cha pakati. Pulogalamu kapena TV yomwe imangotola kumanzere ndi kumanja n'kutaya zina zonse imataya pakamwa pa anthu. Pa vutoli -ac 2 ija ndi yomwe imathandiza, chifukwa imasakaniza cha pakati m'mbali zonse ziwiri m'malo mochitaya.

Palinso zotengera zosankha. WebM imalandira Opus kapena Vorbis basi. PCM m'kati mwa MP4 imavuta: FFmpeg yakale imakana n'kulemba kuti codec not currently supported in container, ndipo ngakhale italowa, zosewerera zambiri siziimva. Amene amatulutsa makanema m'makina a CCTV a m'mashopu amakumana nazo zimenezi, poti mawu ake nthawi zambiri amakhala G.711, codec ya matelefoni, yomwe ffprobe imaionetsa ngati pcm_alaw kapena pcm_mulaw. Mapulogalamu ena okhala ndi mabatani akakumana ndi zotere amangotaya mawuwo mwakachetechete n'kulemba kuti ntchito yatha bwino. Yankho ndi lomwe lija, -c:a aac.

Mafayilo a .VOB a pa DVD ndi a .TS ojambulidwa kuchokera pa dikoda ali ndi khalidwe lawo. Mawu amatha kuyamba patapita kanthawi, pomwe FFmpeg imangosuzumira koyambirira kwa fayilo n'kugamula kuti mulibe. Kuika -analyzeduration 100M -probesize 100M musanalembe -i kumaiuza kuti ifufuze patali.

Zina si za kusintha fayilo n'komwe. YouTube imasunga zithunzi ndi mawu padera pa makanema ooneka bwino kwambiri, ndiye munthu wotsitsa kanema wake yemwe ndi pulogalamu yosatha kuziphatikiza amalandira zithunzi zokha. Pa WhatsApp, musanatumize kanema pamakhala kachizindikiro ka sipika pamwamba, ndipo chala chikakagunda mwangozi kanemayo amapita opanda mawu. Facebook nayo imatha kutseka mawu pa chigawo chomwe yapeza nyimbo ya eni ake, ndipo pa ukwati nyimbo zotero sizisowa. Ma drone ambiri sajambula mawu, chimodzimodzi time-lapse ya pa foni. Zikatero palibe chomwe chasowa, munalibe kale.

Magetsi akathima pakati pa ntchito, fayilo ya MP4 yomwe inali kulembedwa musaiyembekezere. MP4 imalemba mndandanda wa komwe kuli chithunzi ndi liwu lililonse kumapeto kwenikweni, ndipo mndandandawo ukasowa mumaona uthenga woti moov atom not found. Yambiraninso kuchokera ku fayilo yoyamba. Ichi n'chifukwa chake ojambula ndi OBS ambiri amajambulira mu MKV, yomwe imapirira kudukiza, kenako n'kupita pa File, Remux Recordings kuti apeze MP4.

Tibwerere kwa kasitomala wanu. Mukamaliza kukonza, musayesere mu VLC. Dulani kachidutswa kokhala ndi mawu a ankhoswe, kaikeni pa foni yotsika mtengo, mverani pa sipika popanda mahedifoni. Kenako tengani fulashiyo mukaibaye pa TV yeniyeni, makamaka yawo yomweyo ngati ali pafupi, mudumphe koyambirira, pakati ndi kumapeto. Onaninso fulashiyo: ngati inafomatidwa mu mtundu wa FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB, pomwe ma TV akale ena sawerenga exFAT, ndiye kanema wautali ndi bwino kumugawa pawiri kusiyana n'kusintha fulashi kukhala mtundu womwe TV yawo siudziwa. Potumiza pa WhatsApp, kutumiza ngati Document kumafikitsa fayilo momwe ilili osafinyidwanso, mpaka 2 GB, ngakhale kuti bandulo imatha msanga.

Ngati mutapeza kuti mwa kusinthasintha kuja chigawo china chinasanduka mono n'kufafanizika, ndipo .MTS yake munafufuta kale, musathamangire kubweza ndalama. Pa chinkhoswe mafoni amakhala ali m'mwamba ponseponse, ndipo ma DJ ena amajambula zonse zodutsa pa mikisa. Pemphani zomwe ena anajambula, sankhani yomveka bwino, muilumikize ndi zithunzi zanu:

ffmpeg -i zithunzi.mp4 -i mawu.m4a -map 0:v -map 1:a -c:v copy -c:a aac -shortest pamodzi.mp4

Chovuta pamenepa n'kugwirizanitsa milomo ndi mawu, ndipo zimenezo zimaphweka mukazichitira m'pulogalamu yodulira makanema momwe mafunde akuoneka. Funani pomwe wina anaomba m'manja kapena kugogoda maikolofoni, poti pamenepo funde limakwera mwadzidzidzi ndipo chithunzi chake chimaoneka, mugwirizanitse pamenepo. Mukatero dumphani kumapeto kwa chigawocho mukaonenso milomo, chifukwa mafoni ambiri sajambula pa liwiro lokhazikika ndipo pa chigawo chachitali mawu amatha kutsogola kapena kutsalira pang'ono. Zikatero dulani mawuwo pomwe wolankhula wapumira, n'kuwasuntha chigawo ndi chigawo.